Atate Ayambanso Kukoka

Amayi anga aNabanda, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisungabe. Ndine Zelipa wanu. Ndakhala pamalo panga pomwe paja, pakhonde la sitolo ya a Yusufu kuno ku Katete, makina osokera ali patsogolo panga, koma lero phazi lakana kupalasa. Kwatentha, anthu sakubwera, ndiye ndati ndicheze nanu monga tinkachitira mukabwera kudzagula mchere n'kukhala pabenchi apa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndiyambe ndi nkhani yoti ikukwiyitseni, kuti mukwiyiretu tithane nazo. Atate ayambanso kukoka. Ndikukuonani mwanyamuka kale, mukumanga chitenje m'chiuno, mukufunsa kuti fodyayo wawapatsa ndani. Khalani pansi, Amayi. Munkatiuza nokha kuti munthu azimva nkhani yonse asanayambe kukalipa, ngakhale inuyo lamulo limeneli simunkalisunga kwenikweni. Ndifika kumeneko. Poyamba imvani za ana anu.

Chitsirizira wanu Misozi anabereka bwinobwino ku Sinda nthawi yokolola, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Enelesi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akayamba kulira salekeza panjira. Atate amakana kutchula dzinalo, akuti lilime lawo silinazolowere kukuitanani choncho, ndiye amangoti "akazi anga aang'ono". Amamuika pamiyendo n'kumamufunsa ngati wawaphikira ndiwo.

Chimanga chaka chino sichinatikomere. Mvula inadula chikumasula, ndipo cha kumtunda chinapserera. Nkhokwe yafika pakati basi. Soya ndiye anatipulumutsa, ndi mtedza wa m'munda wanu wa kudambo. Maungu anu aja anamera okha kuseri kwa khitchini, popanda wobzala, n'kuyanga mpaka padenga la khola. Misozi atawaona analira. Ine sindinalire, ndinathyola nkhwani. Mbuzi yanu yamakani ija yaswa awiri, koma makani sinasiye, mwezi watha inadya sopo wa amayi busa pa mjigo. Amayi aang'ono a ku Vubwi anabwera kudzationa. Akudandaulabe miyendo, koma miyendo yomweyo ikuwolokabe malire kukapikula zitenje.

Tsopano za atate.

Inu mukudziwa kuposa ine kumene chifuwa chawo chinachokera. Zaka zija ali mnyamata ankawotcha fodya m'mabalani ku mafamu a ku Vubwi, kugona ndi kudzuka mu utsi, ndiponso chingambwe chawo chokulunga m'makoko a chimanga chimene sichinkachoka pakamwa. Ine ndikukumbukira tsiku limene anagwa kudimba atanyamula kheni yamadzi, milomo itada, mpweya ukukana kulowa. Atatsitsimuka munatenga kathumba kawo ka fodya n'kukaponya m'chimbudzi iwo akuona. Kenaka munakhala pansi patsogolo pawo osayankhula kanthu, mpaka iwo anagwira dzanja lanu n'kunena kuti, "aNabanda, pakamwa panga sipadzalowanso chokoka." Inu munayankha kuti, "Mwalumbira kwa ine, osati kwa abusa. Abusa amakhululuka." Kuyambira tsikulo, akabwera kumsika kapena kumaliro, munkawalandira jekete pakhomo ngati mkazi waulemu, n'kulinunkhiza mutatembenuka. Iwo ankadziwa, inunso munkadziwa kuti akudziwa.

Tonse tinkaganiza kuti adzatsogola ndi iwo. Inu munali wamphamvu, wothamanga ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Ndani akanadziwa kuti magazi anu akuthamanga mobisa, n'kudzakugwetsani m'munda tsiku limodzi lokha?

Pali chinthu chimene chinachitika pamaliro anu chimene sindinakuuzenipo. Atate akhala woyambitsa nyimbo mumpingo mwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Bokosi lanu litatsikira m'manda, abusa anawayang'ana, anthu onse anawayang'ana. Anaimirira kuti ayambitse nyimbo yanu ija imene munkaimba popeta. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi chifuwa. Anakhosomola mpaka kugwada. Wina kumbuyo anayambitsa m'malo mwawo, anaikweza kwambiri, ndipo amayi a chigwirizano anavutika nayo mpaka kumapeto. Titabwerera kunyumba atate sanadye. Anangonena kuti, "Zaka zonsezi ndaperekeza anthu a eni ndi nyimbo. Mkazi wanga ndamuperekeza ndi chifuwa." Kenaka anati tsiku lovundukula chiliza chanu adzayambitsa okha, ngakhale atawanyamula pamachira.

Chimenecho ndicho chakhala chikuwadzutsa m'mawa chaka chonsechi, Amayi. Koma thupi silinkamva. Anayamba kulephera kufika kutchalitchi. Kenaka kumjigo. Kenaka posamba ankapumira pakati, atakhala pamwala, sopo ali m'mutu. Timapilisi toyera ta kukiliniki tija tinkawathandiza pang'ono, koma tinkawanjenjemeretsa manja moti tiyi ankatayikira pamalaya, ndipo mtima unkagunda ngati ng'oma.

Mwana wanu wamwamuna Yotamu anabwera kuchokera ku Lusaka n'kuwatenga. Kumeneko anawauziritsa mpweya m'kachipangizo kena, anawajambula pachifuwa, anawayeza makhololo. Madokotala anati si chifuwa chachikulu, si mphumu. Anati utsi wa zaka zonse zija unaononga tinjira ta mpweya m'mapapo, tinaphinjika, ndipo sitidzabwereranso mwakale. Koma anati alipo mankhwala otsegulako tinjirato tsiku ndi tsiku kuti munthu azipumako bwino. Mukuwadziwa atate ndi Lusaka. Sanadikire n'komwe kuti mankhwalawo apezeke, anati kumeneko munthu alibe pokhala panja, n'kukwera basi. Yotamu anatumiza mankhwalawo pambuyo kudzera kwa kondakitala, ndipo ine ndinakalandira pasiteshoni.

M'phukusimo munali zinthu ziwiri. Makapisozi omatidwa m'pepala lonyezimira, ndi kanthu kena kotuwa, kozungulira ngati dzira la bakha, kokhala ndi kabatani pambali. Ndinaimbira Yotamu. Anali pamsewu, phokoso lokhalokha, ndipo ndinangomva kuti, "Asisi, azimwa kamodzi pa tsiku, m'mawa, osadumphitsa."

Amayi, kodi mankhwala m'chiyankhulo chathu amatani? Amamwa. A malungo amamwa, a mutu amamwa, ngakhale ofunika kutafuna timati wamwa. Ndiye atate ankamwa. M'mawa uliwonse ankatenthetsa madzi, kupemphera, kumeza kapisozi mmodzi, n'kukhala pakhonde kudikira mpweya. Sanadumphitsepo. Kadzira kotuwa kaja anakatembenuza uku ndi uku, anati ndi mphatso ya ku Lusaka, n'kukaika pamwamba pa khoma pafupi ndi chithunzi chanu.

Mpweya sunabwere. Nyengo yozizira itafika, mphepo ya fumbi ija ikuwomba kuchokera ku Mkaika, anadwaliratu. Makhololo anasintha mtundu, thupi linatentha, ndipo masana ena anawapeza atatsamira nkhokwe, akulephera kumaliza ngakhale dzina langa. Tinawaika pangolo mpaka kumsewu, kuchoka apo galimoto mpaka kuchipatala. Ndinachita mantha, Amayi. Ndinkati ndikuika m'manda makolo awiri chaka chimodzi. Anawaveka chophimba kumaso chotulutsa nthunzi, anawapatsa mpweya wa m'botolo, mapilisi ochotsa kutupa m'chifuwa a masiku owerengeka, ndi ena opha tizilombo. Pang'onopang'ono milomo inabwerera mtundu wake.

Tsiku loti atuluke kunabwera adokotala ena, mtsikana wamsinkhu wa Misozi, woyankhula chitauni. Anati ndiwaonetse mankhwala onse a kunyumba. Ndinakhuthula jumbo pabedi. Kadzira kaja kanali momwemo, chifukwa ponyamuka ndinangokokolola zonse za pakhoma. Iwo anatola makapisozi aja n'kunena kuti, "Aya ni abwino maningi. Agogo, nionetsenikoni mmene mumachitira nawo."

Atate anatulutsa kapisozi mmodzi n'kunditembenukira. "Zelipa, madzi."

Adokotala anawagwira dzanja lisanafike pakamwa. "Iyayi agogo, imani! Kansi mwakhala mukumeza?"

"Nanga mankhwala amatani, mwana wanga?"

Mtsikana uja sanaseke, Mulungu amudalitse. Anakhala pamphepete pa bedi n'kufotokoza kuti m'kapisozimo muli ufa wofunika kukafika m'mapapo, ndipo ukapita m'mimba suthandiza chilichonse. Anatsegula kadzira kaja, anaikamo kapisozi, anatseka, anadina kabatani kuti kamuboole. Anati munthu ayambe watulutsa mpweya wonse cha pambali, ndiyeno avumate kukamwa kwa kadzirako n'kukoka pang'onopang'ono mpaka pansi. Anati ukakoka bwino kapisozi amanjenjemera m'katimo, umamumva akulira. Ukatero usunge mpweya kanthawi, n'kubwerezanso kuti ufa usatsale. Tangoganizani, Amayi. Miyezi yonse ija bambo akumeza mpweya wawo ndi madzi otentha, chothandizira chili pakhoma chikuwayang'ana.

Atate anayesa, koma anauzira m'malo mokoka. Adokotala pofuna kuwathandiza anati, "Agogo, si munali kukoka fodya kudala? Ni chimodzimodzi. Kokani monga mukukoka fodya, ufike pansi, musunge."

Amayi, mukanaona nkhope yawo. Anachotsa kadzirako pakamwa, anakayang'ana, n'kukaika pabulangete patali ndi iwo.

"Chotsani ichi."

Adokotala anafotokoza kuti mulibe fodya, mulibe utsi, mulibe moto. Atate anawamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kuyankha kuti, "Ndamva, mwana wanga, ndipo zikomo. Koma ndinalumbira kwa amake uyu kuti pakamwa panga sipadzalowanso chokoka. Iwo kulibe kuti andimasule." Anawapatsanso kapampu kabuluu kothandiza mpweya ukathina mwadzidzidzi, nakonso atate anakakana chifukwa chomwecho. Tinatuluka m'chipatala mankhwala ali m'jumbo, mwini wake akupuma befubefu kumbuyo kwanga.

Ndinatseka makina n'kukakhala kumudzi. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinalira. Yotamu pafoni ankachita kufuula, mwina chifukwa mtima unkamupweteka ndi liwu lake lija lakuti azimwa. Akulu a mpingo anabwera awiri, anawauza kuti lumbiro linali la fodya, osati la mankhwala. Atate anawathokoza, anawapatsa mtedza, n'kuwaperekeza ndi maso. Munkanena inu kuti bambo anu sakankhidwa, ukawakankha amamera mizu. Ndinaziona.

Ine ndinkaganiza kuti ndi manyazi, kuti munthu wamkulu wachititsidwa manyazi pamaso pa mtsikana. Ayi ndithu. Chifukwa chake anandiuza okha tsiku lina ndikusenda mtedza pakhonde, ndisanawafunse n'komwe. Ankayankhula modukizadukiza, kupumira pakati pa mawu.

"Iwe ukuganiza kuti chibaba chinafa. Sichinafe. Chinagona. Zaka zonsezi ndikamva fungo la fodya kumsika, malovu amadzaza m'kamwa. Chimene chinkandigwira si mphamvu zanga, ndi mphuno ya amako. Tsopano ndikakoka chinthu mpaka pansi monga ndinkachitira, n'kusunga, chifuwa chikumbukira. Chibaba chidzuka. Ndipo wondilandira jekete pakhomo kulibe."

Kenaka anati, "Kuli bwino ndipite kwa iwo wopanda mpweya kusiyana n'kupita ndikununkha."

Ndinasiya mtedza. Ndinati, "Atate, Amayi analetsa utsi, sanaletse mpweya. Akanakhalapo akanakuikani okha kanthuka pakamwa."

Anandiyang'ana ndi diso lija. "Usawayankhulire. Anali ndi pakamwa pawo."

Zimenezo zinali zoona. Ndinangowakumbutsa kuti soya tagulitsa, simenti tagula, ndipo amisiri ayamba chiliza posachedwa. Ndinawafunsa kuti nyimbo ija adzaiyambitsa ndi chiyani. Masiku otsatira ndinkawamva kuseri kwa nyumba akuyesera chapansipansi, mawu awiri atatu, kenaka chifuwa. Zinkandipweteka kwambiri, moti ndinkathawira kumjigo ndi ndowa yodzaza kale.

Tsiku limene amisiri ankapita kumanda, ngolo itapakira simenti ndi njerwa, atate anatuluka atavala jekete la kutchalitchi. Thumba lina linali lotukuka. Anati, "Ndikwezeni. Ndikawafunse ndekha."

Munationa, Amayi? Tinafika dzuwa lisanakwere kwambiri. Anapempha amisiri kuti ayambe apita pamthunzi, ine anati nditsale chifukwa zala zawo sizitha kung'amba pepala lonyezimira lija. Anakhala pathumba la simenti kumutu kwanu, anavula chipewa, anadikira mpweya ubwerere. Ndiyeno anayankhula nanu ngati mmene ankachitira akafuna kugulitsa mbuzi, mozungulira, mwaulemu.

"aNabanda, ndabwera. Ana ali bwino. Ndabwera ndi mlandu. Kanthu aka akuti n'kokoka. Ine ndinalumbira kwa inu, ndipo sindinaphwanye, ngakhale tsiku la maliro anu pamene anzanga ankandipatsa fodya kuti mtima ukhale pansi. Koma nyimbo yanu ndili nayo ngongole, ndipo mpweya wandithera. Ndiye ndati ndisakokere kuseri. Ndikokere pamaso panu, muone nokha chimene chituluke. Ngati mukukana, nenani."

Tinadikira. Simunayankhe. Kunali chete, kupatula ng'ombe za pangolo zimene zinkapukusa mabelu. Atate anadikirabe, ndipo kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Avomera. Akanakana, mudzi wonse ukanamva."

Ndinaseka misozi ikutsika. Ndinaika kapisozi, ndinadina kabatani, n'kuwapatsa. Anatulutsa mpweya cha pambali monga anatiphunzitsira, anavumata, anatsinzina, n'kukoka. Amayi, panalibe wowaphunzitsa pamenepo. Anakoka pang'onopang'ono, mosathamanga, masaya atalowa m'kati, ndipo kapisozi analira m'katimo kuti krrr mpaka kumapeto. Nkhope imene ndinaiona ndi ija ndinkaiona ndili mwana, atakhala pachitsa madzulo ndi chingambwe chawo. Ndinamvetsa chimene ankaopa.

Anasunga mpweya. Kenaka anautulutsa pang'onopang'ono, maso ali patsogolo pa milomo yawo, kuyang'ana. Panalibe kanthu, mpweya woyera basi.

"Mwaona, aNabanda? Palibe chatuluka."

Anabwereza kachiwiri, anapukuta kadzirako ndi mpango, n'kukabwezera m'thumba. Asananyamuke anawonjeza kuti, "Za jekete ndasiyira Zelipa. Mphuno yake ndi yanu yomwe."

Sindikunamizani kuti zonse zinayenda bwino kuyambira pamenepo. Chibaba chinadzukadi, monga ananenera. Sabata yoyamba anali wolusa, chilichonse chinkawanyansa, ndipo zala zinkangofunafuna m'matumba. Tsiku lina ndinawapeza ataima kumpanda, kumene mphepo imachokera kwa a Sakala oyandikana nafe aja, amene amakoka fodya kuyambira m'mawa. Anali atatsinzina, mphuno ili m'mwamba. Ndinangomanga chitenje m'chiuno n'kuima pamene munkaima inu. Atatsegula maso anadzidzimuka zenizeni, kenaka anabwerera pakhonde ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Ndinapita kwa a Sakala kukawapempha kuti azikokera kuseri kwa nyumba yawo. Anang'ung'udza, koma anasamuka.

Mankhwalawo sachiritsa, ndipo adokotala anatiuziratu poyera. Chimene chinaonongeka chinaonongeka. Amawaumitsa kukamwa, ndiye amayenda ndi kabotolo ka madzi. Akayenda mothamanga amabanikabe, ndipo pamenepo amagwiritsa ntchito kapampu kabuluu kaja, kolowetsa kumbuyo kwa botolo lapulasitiki lobooledwa kuti mankhwala asathawe. Timapilisi tonjenjemeretsa tija anawasiyitsa, tsopano tiyi amafika pakamwa yense. Koma imvani izi. Patapita masiku anasamba osapumira pakati. Kenaka anafika kumjigo. Lamulungu lina ndinangoona avala jekete, ndipo tinayenda mpaka kutchalitchi, kupumira pamtengo wa mango wa pamphambano uja. Sanayambitse nyimbo tsikulo. Anati mawu awo oyamba ali ndi mwini wake.

Chiliza chanu tinavundukula kumapeto kwa mwezi watha. N'chabwino, Amayi, chopanda matama, monga mukanafunira. Anthu anabwera ambiri, a ku Vubwi, a ku Sinda, ngakhale a Yusufu anatseka sitolo n'kudzaima nafe chapatali, kofia ili kumutu. Yotamu anafika ndi katoni ya makapisozi, ndipo pondipatsa ananena mokweza kuti aliyense amve, "Azikoka, asisi. Azikoka." Misozi anabereka Enelesi kumbuyo. M'mawa umenewo atate anakoka mankhwala awo pakhonde, mwakachetechete, ndipo anakana ngolo. Anayenda wapansi mpaka kumanda, pang'onopang'ono, gulu lonse likuchepetsa mayendedwe kuti lisawapitirire.

Nsalu itachotsedwa, abusa anawayang'ana. Ndinaona munthu uja anaikweza pamaliro akukonza kale kukhosi kwake, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anaweramitsa mutu. Atate anaimirira, anagwira phewa la Yotamu, anatulutsa mpweya cha pambali monga amachitira ndi kadzira kaja, n'kukoka wina mpaka pansi.

Anayambitsa, Amayi.

Mawu anali okalamba, osasa, osafika patali ngati kale. Koma anaiika pamalo pake penipeni, osakweza, osatsitsa, pamene inu munkaiimbira popeta. Mzere woyamba anaumaliza wonse okha. Pakati pa wachiwiri mpweya unawathera, koma pamenepo amayi a chigwirizano anali atailandira kale, amuna analowa pansi pake, ndipo nyimbo inayenda yokha mpaka kumapeto. Atate sanakhale pansi. Anaima chomwecho, milomo ikuyenda popanda mawu, misozi ikutsikira m'ndevu. Ine sindinaimbe n'komwe. Ndinalira kulira kumene ndinakusunga tsiku la maungu lija.

Pobwerera anavomera ngolo. Ndinakhala nawo pambali, ndipo titadutsa pamphambano anati, "Tsopano ndawaperekeza." Titafika pakhomo anavula jekete okha n'kundipatsa, osandiyang'ana. Ndinalilandira ndi manja awiri, ndinatembenuka, n'kulinunkhiza. Linkanunkha thukuta ndi fumbi la kumanda.

Ndiye nkhani yake ndi imeneyo, Amayi. Atate akukoka, m'mawa uliwonse, ndipo mukamva kanthu kakulira kuti krrr pakhonde panu musadzidzimuke. Ngati pamanda paja munali chete chifukwa chokwiya, osati kuvomera, mkwiyowo ubwere kwa ine, chifukwa kapisozi ndinaika ndine. Koma ndikukudziwani. Mukanakana tikanamva.

Sindikudziwa kuti tikhala nawo nthawi yaitali bwanji. Nyengo iliyonse yozizira izitiopsa, ndipo iwonso akudziwa. Ndawasamutsira kuchipinda chakutali ndi khitchini, zinyalala sitikutenthanso pabwalo, ndipo masiku awo okaonedwa kuchipatala ndimawaperekeza ndekha. Loweruka lililonse ndimakwera minibasi kupita kumudzi, masiku enawo akuwayang'anira ndi Misozi, amene wabwera kudzakhala kwathu mpaka mwana akhwime. Nayenso ndamuphunzitsa za jekete, ngakhale mphuno yake ndi ya kwa atate, yosamva kanthu.

Ndakusowani, Amayi. Ndimakusowani ndikamadula nsalu yabwino n'kusowa womuonetsa, ndimakusowani atate akamera mizu ine n'kusowa mawu. Benchi lanu lili pomwe paja, ndipo a Yusufu salola munthu kuikapo katundu.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi. Makapisozi sadzatha m'nyumba muja ine ndi Yotamu tili moyo, ndipo pakhomo sipadzasowa wolandira jekete. Tsiku limene atate adzafike kumeneko, lichedwe ndithu, mudzawalandire monga kale, mudzatembenuke, mudzanunkhize. Simudzamva fodya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Zelipa